Ofesi Imene Inkayankha

Kompyuta ya pa kachipatala kena ku Chikwa inakana kutseguka Lolemba m'mawa, ndipo a Bornwell Ng'uni, kalaliki wa makadi a odwala, anamudziwiratu wolakwa. Anali a Dorcas, nesi. Nanga ndani wina amene amaonera mafilimu pa makina a boma?

Pagalasi panali mawu ofiira. Akuba anali atatseka zonse, ndipo ankati akapanda kupatsidwa zimene akufuna, aulutsa maina. Mainawo ndiwo anali nkhani. Munali anthu mazana atatu amene amadzatenga mankhwala a mwezi ndi mwezi podzera khomo lakumbuyo, ena amuna awo osadziwa, ena akazi awo osadziwa, wina mkulu wa mpingo amene amabisa botolo m'chikwama cha Baibulo. Ndipo ku Chikwa nkhani imafika kumunda mwini wake asanafike kunyumba.

Asanu mwa iwo anali kale pabenchi panja, kudikira.

A Bornwell mtima unali m'malo. Chaka chatha anapita ku wekishopu ku boma, kumene anadya nkhuku masiku awiri n'kuphunzira chinthu chimodzi: ikabwera imelo yodzitcha kuti ndi ya kampani yopanga pulogalamu, yoti dinani apa mukonze chitetezo cha kompyuta yanu, musadine. Ndi akuba. Kaneneni. Wophunzitsayo anaiwala kupereka adilesi yokanenera, poti galimoto inali kumuimbira hutala panja. Anati adzatumiza. Patapita sabata adilesi inafikadi, ndipo a Bornwell anailemba ndi choko pakhoma, pamwamba pa kalendala.

Kuyambira pamenepo sanadinepo. Akuba ankalemba Lachiwiri, ankalemba Lachisanu, zilembo zikuluzikulu, LERO LOMWE, MUSACHEDWE. A Bornwell ankangonyamula kompyuta kupita nayo pazenera la chipinda cha mankhwala, pokhapo pamene netiweki imagwira, n'kudzaza fomu yokanenera. Bokosi lililonse, osadumpha ngakhale limodzi. Pasiwedi ankasintha mwezi uliwonse, monga anawauzira pa wekishopu paja.

Ndipo ankayankhidwa! Apa ndi pamene pankatsekemera. Munthu amene analembera kulikulu kasanu ndi kawiri kupempha kusamutsidwa, kanayi kupempha mpando wa miyendo yokwanira, osamva ngakhale kutsokomola, manje anali ndi mnzake kumeneko. Dzina lake Jeff. Mphindi zisanu zisanathe, yankho ili: "Zikomo a Ng'uni. Anthu ngati inu ndi ochepa." Mayankhowo ankawakopera m'kope ndi dzanja, kuti tsiku lina adzakhale umboni pokwezedwa ntchito. Anakwana makumi anayi ndi atatu.

Masana a Eneless, a makompyuta a ku boma, anafika pa njinga yamoto, fumbi mpaka m'nsidze. A Dorcas anaima pakhomo maso ali gwa, mumtima atalongedza kale katundu.

"Ine sinditchula munthu," anatero a Bornwell, akuyang'ana a Dorcas. "Koma filimu ili ndi mtengo wake."

A Eneless sanaseke. Anagogoda mabatani ola lathunthu, uku akupita pazenera ndi foni yawo, uku akubwerera. Pabenchi anthu anakwana khumi ndi awiri. Mkulu wa mpingo uja ankanamizira kuwerenga, tsamba lomwelo kuyambira m'mawa.

"Maina abwerera?" anafunsa a Dorcas chapansipansi.

"Kubwerera ayi, asisi. Apita, ndipo ali m'manja mwawo. Koma filimu yanu ilibe mlandu. Akubawa sanathyole khomo. Analowa ndi pasiwedi, ngati eni nyumba." A Eneless anatembenuka. "Ba Ng'uni, makalata abodza aja a chitetezo simunkalandira kuno? Bwanji simunanene?"

A Bornwell anaseka, kuseka kwa munthu amene nthawi yake yakwana. Anatulutsa kope lija, kuliika patebulo, n'kuloza pakhoma ndi chala chonse.

A Eneless anaiwerenga adilesiyo kawiri. "Iyi munaitenga kuti?"

"Inabwera pa imelo. Si munalonjeza kuti mudzatumiza?"

"Sitinatumizebe. Fomu yake imafunsa chiyani?"

"Zachidule. Dzina, nambala ya ntchito, pasiwedi yatsopano kuti aione ngati ili yolimba..." A Bornwell anayang'ananso adilesi ya pakhoma ija.

A Eneless anatseka kopelo pang'onopang'ono. "Ba Ng'uni, zaka zonsezi muli pa ntchito. Ndi liti pamene ofesi yathu inayankhapo munthu?"