Kagalasi Komva Ukali wa Bwana

"Miyezi yonseyi kagalasi kako kakadali kofiirira? Alendo akapita, nawenso uzipita," anakalipa a pulofesa, mphuno ili pakagalasipo.

Wofufuza wawo anali atapakapo mankhwala a chitsulo, mopyapyala kuposa tsitsi, oyenera kuyera akamva kutentha. Koma makina otenthetsera anali atafa.

Mpweya wotentha wa ukali wa a pulofesa utakawomba, kagalasi kanayera mbee.

A pulofesa anathamanga kukaitana alendo. Pobwera nawo akumwetulira, anapeza katazizira, kofiiriranso. Anakauzira mpweya mwaulemu, koma sikanasinthe.

Alendo atayamba kuyang'ana kukhomo, wofufuzayo anasendera pafupi ndi a pulofesa.

"Bwana, taweramirani pakagalasipo kaye," anatero motsitsa mawu. "Amene anagunda galimoto yanu dzulo uja ndine."

Kagalasi kanayeranso mbee. Alendo anawomba m'manja.