Galimoto Yosatitimira M'matope

Anzake ankamutcha Shuga chifukwa cha lilime lake. Pabwalo logulitsira magalimoto akale pamene ankagwira ntchito, iye ankatha kugulitsa ngakhale chiphakasa chopanda mabuleki, wogulayo n'kuchoka akuthokoza. Koma bambo amene anabwera tsiku limeneli anamuumitsa pakamwa.

Anafika masana ndi mkazi wake, mitambo yakuda ikusonkhana. Anadutsa timagalimoto tonse tonyezimira n'kukaima pakona, pamene panali chigalimoto chokoka ndi matayala onse anayi. Bamboyo anali wamtali, wamaso olowa. Jekete inali yomukulira, ndipo lamba wake anachita kumuboola mabowo atsopano ndi msomali. Mayiyo anavala magalasi akuda, chonsecho kunalibe dzuwa.

M'manja mwa mayiyo munali pepala logawidwa pakati, mbali ina ubwino, mbali ina kuipa. Anawerenga mokweza.

"Imamwa mafuta ngati chidakwa. Matayala ake ndi odula. Ikawonongeka, zitsulo zake n'zosowa. Bambo, tiyeni tizipita, chonde."

"Kuipa tamva," anatero mwamunayo osamuyang'ana n'komwe. "Ubwino ndi umodzi basi. Imafika kumene ena safika."

Kenako anatembenukira kwa Shuga. Sanafunse za wailesi kapena za liwiro monga amachitira ena. Anafunsa ngati ingapitirire msewu ukatha, kutsogolo kutatsala thengo ndi matope okhaokha. Shuga anavomera. Anafunsa pomangirira fosholo ndi chingwe. Shuga analoza. Anafunsanso ngati munthu wakunja angaone za m'kati kudzera pa magalasi akumbuyo.

Atatero anagonetsa mipando yakumbuyo, natulutsa tepi m'thumba. Anayeza mulitali, anayeza mulifupi, nalemba papepala lija.

"Munthu atagona chowongoka muno, chitseko chingatsekeke?"

Mayi uja anayang'ana kumbali n'kutseka pakamwa ndi mpango. Shuga anayang'ana mayiyo, nayang'ananso bamboyo. Aaa, nkhani zotere si amaziwerenga m'nyuzi? Mkazi wasowa, mwamuna akulira pamaso pa anthu, kenako osaka nyama n'kukapeza nsapato kuthengo. Ndiye magalasi akudawo akubisa chiyani ngati si zibakera?

"Mapepala mulembe dzina la mkazi wanga," anatero bamboyo. "Langa lisaoneke paliponse."

Basi, apa Shuga sanakayikenso. Munthuyu akufuta mapazi ake kusanachitike kanthu! Mwezi wonse Shuga anali asanagulitseko ngakhale njinga, ndipo abwana anali atayamba kumuyang'ana ndi diso lofiira. Koma kupereka makiyi amenewa kunali ngati kunola mpeni wophera munthu. Mantha anamugwira, chisoni chinamugwiranso, pakuti mayiyo anali wofanana msinkhu ndi mlongo wake.

Mwayi unapezeka pamene bamboyo anapempha madzi akumwa n'kulowera ku ofesi, akuyenda pang'onopang'ono, dzanja likutsamira magalimoto. Bingu linagunda chapatali. Shuga anasendera kwa mayiyo n'kunong'ona.

"Mayi, pepani ndalowerera za m'banja. Galimoto iyi musakwere. Ndiwauza kuti injini ndi yakufa. Apolisi ali pafupi pomwepa, mungondiuza, ndithamanga."

Mayiyo anavula magalasi aja. Panalibe bala, panalibe chipsera. Anali maso chabe, otupa ndi kulira kwa masiku ambiri.

"Achimwene, tigulitseni, ndagonja," anatero. "Tepi ija anayamba adziyeza okha m'mawa uno, pakuti adokotala akuti mvula ikubwerayi sadzaiona ikutha. Bokosi la maliro a bambo awo linagona masiku awiri m'matope panjira yakwawo, ndiye akuti lawo ndidzalifikitse ine, tsiku lomwelo."