Sokosi m'Belu la a Chirambo

Panali bambo wina ku Rumphi Boma, dzina lake Joel Chirambo, mphunzitsi wa kusekondale. Nkhaniyi ndaimva kwa munthu amene anali pamaliropo, ndiye musati ndangopeka.

Pa gitala Joel anali katswiri, zimenezo sitingamumane. Koma mtima wake unatengeka ndi nyimbo ina ya roko ya azungu, ya mtundu uja wosadziwa kutha. Nyimbo imodzi, mphindi makumi awiri ndi zitatu. Imayamba ngati ya pamaliro, kenako n'kuthamanga, n'kusinthanso, moti wofuna kuvina atha kuthyoka mwendo. Iye ankafuna kuiyimba yekha kunyumba, kuijambula, n'kuiika pa intaneti kuti anzake okonda nyimbo zotere adziwe kuti ku Rumphi nakonso kuli akatswiri. Ndipo analumbira kuti aijambula ulendo umodzi, popanda kudula ndi kulumikiza.

Chipinda cha alendo anachisandutsa situdiyo, matiresi pazenera, mabulangete pachitseko. Koma kuseri kwa khoma kunkagona bambo ake, a Hezron, amene anapuma pa uhedimasitala. Sitiroko inawapha mbali imodzi n'kuwalanda mawu. Anangotsala ndi dzanja lamanja ndi belu lamkuwa lomwe kale ankaitanira ana kusukulu. Akafuna madzi, akafuna kutembenuzidwa, akatsamwa, ankaliza belulo.

Katatu konse Joel anafika pafupi ndi kumapeto kwa nyimbo, belu n'kulira, ntchito yonse n'kupita pachabe. Ankapita ndithu kukawathandiza, koma nkhope ili ndwii. Belulo anayamba kudana nalo.

Loweruka lina mkazi wake Tionge, amene ndiye ankasamalira apongozi akewo, anali ndi msonkhano wa Umanyano, gulu la amayi a kumpingo, ku Bolero. Anawamwetsa phala m'mawa, n'kuwatsamiritsa pamapilo, kenako anaima pakhomo la situdiyo.

"Bambo a Nelly, chonde chomene, adada musawagoneke mpaka phala litsike. Ndipo mahedifoni anuwo lero apume. Belu likalira muthamange."

"Yewo, ndamva," anatero Joel.

Anamva ndi khutu lokha. Minibasi imene Tionge anakwera isanatuluke n'komwe m'tauni, iye anali ataona kale kuti magetsi alipo, nyumba ili zii, ndipo tsiku lotere silibwera kawiri. Analowa kwa bambo ake, n'kuwachotsera mapilo kuti agone tulo. Kenako anavula sokosi, nakulunga kachitsulo ka m'kati mwa belu, namanga ndi mphira. Analigwedeza, silinalire. A Hezron ankangomutsatira ndi maso.

"Mphindi makumi awiri ndi zitatu zokha, adada," anatero, n'kuwabwezera belulo m'dzanja.

Anadzitsekera, navala mahedifoni, nayamba. Tsiku limenelo zala zinamumvera. Sanaphonye paliponse, ngakhale pamalo paja pamene pankamugwetsa miyezi itatu. Anatuluka akuseka yekha, thukuta lili kamukamu, kuti akauze bambo ake.

Anawapeza nkhope itada, phala lili m'kamwa ndi m'mphuno, belu ali chigwirire. Anawagwedeza, anawaitana, koma munthu anali atapita. Ndipo apa ndi pamene ine amandinyansa Joel ameneyu: asanaitane oyandikana nawo, anayamba wamasula sokosi ija n'kuiponya m'thumba.

Anauza aliyense kuti adada angopita ali m'tulo, mwamtendere. Pamaliro akulu ampingo anamuyamikira kuti ana osunga makolo ngati iye akusowa masiku ano. Iye anangowerama. Tionge analira koposa onse, akudziimba mlandu kuti akanapanda kupita ku Bolero, mwina akanawaona akutsirizika.

Patatha mwezi, Joel anaganiza zomvetsera chimene anajambula chija. Anadzinyenga kuti mwina bambo ake sanavutike, mwinadi anapita ali m'tulo. Anatsegula pasipika masana, Tionge akusita zovala pomwepo.

Nyimbo inayamba bwino. Itafika mphindi yachisanu ndi chimodzi, kunsi kwa gitala kunamveka kanthu kena. Du, du, du. Sikankagwirizana ndi nyimbo. Joel anadziwa nthawi yomweyo: anali bambo ake, akumenyetsa belu losalira lija kukhoma. Poyamba ankamenya mofulumira. Kenako pang'onopang'ono. Kenako kamodzi, n'kudikira, kamodzinso. Kugogodako kunasiya zitatsala mphindi zinayi, pamene iye ankaliza gitala mokoma kuposa tsiku lina lililonse m'moyo wake.

Tionge anaimika simbi. Sanakuwe, sanalire.

"Sabata yatha ndimapukuta belu la adada," anatero. "M'kati munali ulusi wa sokosi yanu. Ndimadzifunsa kuti unalowamo bwanji."



"Mwezi wonse mumandiona ndikulira kuti ndine ndinawasiya," anatero Tionge, "inu muli chete."

Mawa lake anatenga mwana wawo Nelly n'kupita kwawo ku Mlowe. Mpaka lero sanabwerere.

Akuti gitala ija ili pansi pa bedi, zingwe zinachita dzimbiri. Nyimbo ija sanaiike pa intaneti, koma kuifufuta akulepheranso, chifukwa ndimo muli kuitana komaliza kwa bambo ake. Wosamva adamva nkhwangwa ili m'mutu.

Phunziro: Luso ndi labwino, koma nyimbo ungathe kuijambulanso mawa, kholo ayi. Wodwala akakuitana usamuyese phokoso, ndipo wokuchenjeza usamuyankhe "ndamva" mtima uli kwina. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka amene akusunga odwala m'nyumba, mwina wina avula mahedifoni nthawi ikadalipo.