Kakowa ndi Madzi a ku Mgodi

Panangokhala, kuseri kwa phiri, Kakowa amene ankayesa madzi otuluka mu mgodi wa Mfuko asanawatayire mumtsinje. Posafuna kudetsa nthenga zake, ankangowasuzumira ali pamwala.

"Ndikudziona nkhope, ndi abwino awa," anatero tsiku lina.

Chule anati, "Bwana, viikanimo mwendo. Ife timapumira pakhungu, ndipo madziwa akuwotcha."

"Maso anga sanandinamizepo. Mfuko, tsegula ngalande."

Madzi anatsetsereka ali mbee ngati galasi. Dzuwa litapendeka, Kakowa anadikira nyimbo ya achule, ija inkagwedeza dambo lonse chilengedwere dziko. Kunali zii. Kakowa sankadziwa kuti dambo lalikulu chotero lingathe kutseka pakamwa.

Mpaka lero Kakowa amaima m'madzi, mwendo umodzi ataviika, akumvetsera.