Mndandanda wa Okhazikika

"Yakananso," anatero mnyamata waganyu, akuloza mzere wofiira pakompyuta.

Achemwali oyang'anira olemba mapulogalamu anawerama pambali pake. Kafungo ka mafuta awo kanamuiwalitsa kuti ganyu yake ikutha Lachisanu.

Mnyamatayo ankalemba pulogalamu yosindikiza ziphaso za antchito a chaka chamawa. Mitundu ya anthu anaisanja yekha m'pulogalamumo ngati banja: kholo linali Wantchito, ana ake awiri Wokhazikika ndi Waganyu. Poyesa, anadzilowetsa ngati Waganyu pamndandanda wa ziphaso, koma mndandandawo unkalandira Wokhazikika yekha, ndipo kompayila, yomwe imafufuza zolakwika m'pulogalamu, inamukana pulogalamu isanayambe n'komwe.

"Ndiukuza, achemwali. Uzilandira mwana aliyense wa Wantchito. Kamzere kamodzi basi."

Anasintha, kufiira kunachoka. Mumtima anali ataona kale chiphaso chikulendewera m'khosi mwake, iye ndi achemwaliwo akutsika masitepe limodzi poweruka.

"Mutu uli nawo, mchimwene," anatero achemwali, "koma bweza mmene unalili. Mndandanda wothinawo ndinaufuna ndine. Abwana akuti aganyu asalowemo ngakhale mwangozi. Kompayila izitikanira, ife tisamavutike kuyang'ana anthu kumaso."

"Nanga ine?"

"Iwe ndiwe wachangu, sizikutengera mphindi ziwiri."

Anawayang'ana, kudikira kuti aseke. Iwo anali pafoni. Anabweza mzere uja, nafufuta dzina lake, ndipo pulogalamu inadutsa bwinobwino.

"Eya, wagwira ntchito," anatero achemwali akunyamula chikwama. "Ulembepo kandemanga pamenepo, kuti wodzakhala pampandowu asadzaukuzenso."