Kasinja Wosenza Nkhuni

"Chimenechi ndiye ukuti kasinja wakale?" a Jossias anaseka, dzanja lina pachiwongolero, lina likukankha buku la ku shikola la Benilde, mwana wa mlongo wawo, yemwe ankawaonetsa chithunzi cha m'bukumo. "Galimoto yankhondo yanji yosenza mtolo ngati mayi wochokera kunkhuni?"

"Asilikali ankaugwetsera m'dzenje kuti kasinjayo awolokerepo, amalume."

"Zauchitsiru! Ine ku mgodi ku Moatize ndimayendetsa chigalimoto choti tayala lake limaposa denga la nyumba yanu. Uziwerenga zanzeru."

Anali pa kamsewu kadothi kolowera ku Zobue, mvula itangokata. Asanamalize n'kuseka komwe, galimoto yawo yatsopanoyo inatsetserekera m'ngalande. Anaponda moto mpaka utsi kuti tolo, akutukwana mvula ndi amene anakumba ngalandeyo, koma matayala ankangozungulira m'matope.

Mayi wina anatulukira atasenza nkhuni. A Jossias anauyang'ana mtolowo nthawi yaitali, kenako anatsika, nsapato zikumira.

"Pepani mayi, tibwerekeniko nkhunizo."

Benilde anatsegula buku lake n'kusuzumira pawindo.

"Muziyale mopingasa, amalume. Zitsiru zija zinkatero."