Kumene Kabatia Zimaswanira

Apakuki anafika mochedwa. Nkhumba yake inali itathyola khola, ndipo pomwe ankalowa m'chisakasa cha tchalitchi, malonje anali atatha kale. Mayi wochokera ku mzinda wa Suva anali mkati mophunzitsa: nsomba zikuchepa pa chilumba chawo cha Kadavu, malo oswanira ayenera kupuma, mudzi usankhe alonda a nyanja.

Apakuki sankamvetsera kwenikweni. Maso ake anali pa mlendo amene anakhala kumbuyo. Magalasi akuda, tcheni m'khosi, foni m'manja. Sankafunsa kanthu, ndipo ena akaseka iye sankaseka. Pagombe panali boti lachilendo la injini ziwiri, ngati la ogula nsomba a m'tauni.

Anthu otere Apakuki ankawadziwa. Chaka china kunabwera wina wokoma pakamwa, namwa nawo chakumwa chamwambo cha kava, natamanda mudzi. Mwezi usanathe, maboti anadzakokolola nkhanu zonse za kumtsinje.

Nthawi ya tiyi itakwana, mlendoyo anayamba kutengera asodzi pambali mmodzimmodzi. Ankanong'ona, n'kumaloza kunyanja.

"Abambo a Makelesi, nkhope imeneyo mwaitenga kumaliro?" anafunsa mkazi wake Vasemaca, akumuthirira tiyi.

"Uyo ndani?"

"Wabwera ndi aphunzitsiwa."

"Makoswenso amabwera ndi sitima."

"Inu mumakayikira ndi chithunzithunzi chanu chomwe. Idyani chinangwa chisanazizire."

Asanalume n'komwe, mlendo uja anali ataima pambali pake.

"Bambo Apakuki, ine ndine Ilisoni. Aliyense akuti ndifunse inu. Akuti kumene nsomba za kabatia zimasonkhana poswana mumakudziwa ndinu nokha."

Zinali zoona. Kuseri kwa kachilumba ka kumadzulo, matanthwe a m'nyanja anali ndi mpata wopapatiza. Nyengo yake ikafika, nsomba za mimba zodzaza mazira zinkaunjikana mmenemo mpaka pansi osaoneka. Malowo anamusonyeza ndi bambo ake, namulumbiritsa kuti asadzaponyemo mbedza nyengo imeneyo. Ngakhale mkamwini wake sanamuuzepo.

"Mukuwafuniranji malowo?"

"Kuti tiwateteze, bambo."

Apakuki anaseka chamumtima. Wa nkhanu uja ananenanso chimodzimodzi.

Foni inalira. Ilisoni anatembenuka, natchinga pakamwa ndi dzanja, koma makutu a Apakuki anali akadali akuthwa. "Ayi, sananenebe. Dikirani pang'ono, anena. Boti likonzekeretu."

Ndiye boti likudikira! Akakana, munthuyu adzazungulira mudzi wonse mpaka wina adzakumbuka kumene bwato la Apakuki limalowera. Kunali bwino kumupatsa fupa akatafune kutali.

Anadzuka, namukokera kumapeto kwa chisakasa, natsitsa mawu ngati akuulula zamumtima.

"Mwanawe, ukuuona mtengo wa kokonati wopendekeka uwo kum'mawa? Ulunjike pamenepo mpaka madzi asinthe mtundu. Ndi pomwepo. Koma usauze munthu."

Kumeneko kunali mchenga wokhawokha. Ngakhale ana sankataya nako nyambo.

Ilisoni anadinadina pafoni, namugwira chanza ndi manja awiri. "Mwathandiza adzukulu anu, bambo."

"Adzukulu anga ndimawathandiza tsiku lililonse," anayankha Apakuki.

Pobwerera kunyumba ankaimba mluzu. Vasemaca atamufunsa chomwe chamukondweretsa, anangoti, "Kuli anthu akukawedza mchenga."

Nyengo yoswana itayamba, belu linaitaniranso mudzi kuchisakasa. Ulendo uno Apakuki anafika woyamba, nakhala kutsogolo. Mayi wa ku Suva anati ntchito yatha, mafumu avomereza, boma lasindikiza, ndipo malire sadzasunthanso kwa zaka zambiri. Malo otsekedwa aikidwa kale zizindikiro. Kwina konse, maboti a ziphaso ali ndi ufulu woponya maukonde.

"Tsopano ndiitane mnzanga amene anayeza malirewo, kuti athokoze yekha amene anamutsogolera."

Anaimirira Ilisoni, atavala malaya a boma a zausodzi, naloza mipira yofiira ikuyandama kum'mawa, molunjika kokonati wopendekeka uja. "Tiwaombere m'manja bambo Apakuki!"

Anthu akuomba m'manja, kuseri kwa kachilumba ka kumadzulo kunamveka injini za maboti a ziphaso zikuchepetsa liwiro pa mpata uja.